Ka solenoid ka VVT-i ndagula katatu, kawiri ka aftermarket (kosakhala ka orijino), ndiye mumve mmene zayendera pa Dyna yanga

Ine ndimakhala kufupi ndi Bembeke kuno ku Dedza ndipo ntchito yanga ndi yonyamula katundu, makamaka kachewere, kabichi ndi tomato, kuchokera kuminda komanso pa Lizulu kupita nazo ku Wakawaka ku Lilongwe. Galimoto yanga ndi Toyota Dyna ya petulo, yochokera ku Japan, injini yake ndi 1TR-FE ija ya 2.0, yomwenso mumaipeza mu ma Hiace ena. Ndi injini yolimba, ya tcheni osati lamba, ndipo ndilibe nayo mawu. Koma miyezi yapitayi yandiyendetsa mmashopu a masipeya chifukwa cha kachinthu kamodzi kakang'ono kotalika ngati chala, ka solenoid ka VVT-i, nde ndati ndilembe zonse mmene zinayendera, chifukwa ndikudziwa tilipo ambiri a ma Dyna, ma Toyoace, ma Hiace ndi ma Hilux a 2.7 aja a 2TR-FE omwe tikugula zinthu zomwezi.

Vuto linayamba mu June, nthawi yomwe kuno kumazizira mpaka zala kukanika kugwira zingwe pomanga katundu. Ndikaliza galimoto cha mma 4 koloko mmawa imayamba ndi phokoso, kalakalakala ngati mwaponya timiyala mchitini, mwina masekondi awiri kapena atatu kenako zii. Poyamba sindinalabadire, ndimati ndi kuzizira basi. Koma patapita masabata angapo ikaima pa idle imanjenjemera, nyale yochenjeza ya cheki injini inayaka, mphamvu pa mtunda zinachepa moti malo omwe ndimakwera ndi giya 3 nditanyamula ndinayamba kutsitsira pa 2, ndipo petulo imatha ngati thanki yabooka. Mukudziwa nokha mmene mafuta amavutira kupeza komanso mtengo wake, ndiye galimoto ikayamba kumwa chonchi phindu la ulendo wonse limathera pa pampu.

Mmisiri wanga wa pa boma, bambo wachikulire amene wakhala akundikonzera magalimoto kwa zaka zambiri, analumikiza makina a diagnosis ndipo panatuluka code, nambala yoloza vuto, ya P0012. Anandiuza kuti, achimwene, iyi ndi nkhani ya VVT-i, camshaft, shafti yomwe imatsegula ma valve, ikuchedwa kufika pomwe kompyuta ikufuna. Kenako anandikhazika pansi nkundifotokozera, ndipo ndikufuna ndibwereze pano chifukwa ambiri timawerenga zilembo za VVT-i pa chivundikiro cha injini osadziwa kuti mkatimo mukuchitika chani.

Kutsogolo kwa camshaft ya intake (ya mbali yolowera mpweya) kuli giya yomwe tcheni chimazungulitsa. Giya imeneyi si yachitsulo chimodzi ngati ya ma injini akale aja, mkati mwake muli tizipinda ndi timapiko, ndipo oyilo wa injini akalowa mbali imodzi ya timapikoto camshaft imapotokera kutsogolo pang'ono, akalowa mbali inayo imabwerera mmbuyo. Nde ma valve amatseguka msanga kapena mochedwa malingana ndi mmene injini ikuthamangira komanso katundu amene ikukoka. Amene amatsegula ndi kutseka njira za oyiloyo ndi ka solenoid aka, kamene mmabuku a Toyota amakatcha oil control valve kapena OCV, ndipo kamalandira malamulo kuchokera ku kompyuta ya galimoto. Mukazimitsa injini, mu giya muja muli kapini kamene kamagwera mkabowo nkuyimanga kuti isagwedere, poti polizanso mmawa oyilo amakhala asanakwere. Kapini aka kakatha kapena kakakanirira ndi pomwe mumamva kalakala uja. Toyota inayamba kuika VVT-i mu 1995, ndiye si zachilendo ayi, kungoti ife tinazolowera ma diesel akale a 2L, 3L ndi 5L omwe analibe zimenezi, moti amisiri ena mpaka pano akamva phokoso loterolo amangothamangira kunena kuti tcheni chatha.

Tsono tinagwirizana kuti tisinthe solenoid. Ndinafunsa mtengo wa orijino ndipo ndinabwerera manja ali mmutu, kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023 masipeya onse anangokwera osatsikanso. Nde nditatsitsa katundu ku Lilongwe ndinalowa mu shopu ina ya masipeya mtawuni yakale muja, mnyamata wogulitsa anatulutsa kabokosi koyera kopanda dzina lililonse, kongomatidwa kapepala ka nambala. Anati bigi, aka nkomweko, fakitale yake ndi imodzi kungoti alibe bokosi la mtundu. Mtengo wake sumafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a orijino. Ndinagula.

Kunena chilungamo, kuyang'ana ndi maso kamaoneka bwino ndithu. Kanalowa pamalo pake bwinobwino, bawuti yake ndi imodzi yokha, pulagi inagwira, tinafufuta code ndipo kwa masiku angapo cheki injini sinayake. Koma mphamvu sizinabwerere zonse, ndipo pasanathe mwezi ndikuchokera pa Tsangano turn-off ndi matumba a kachewere nyale ija inayakanso, galimoto ikugwedera ngati ikufuna kuzima ndikaima pa roadblock. Titatsegula bonet tinapeza pulagi ya solenoid yanyowa oyilo, kutanthauza kuti oyilo amadutsa mkati mwa ka coil nkutulukira ku mawaya. Ulendo uno code inali P0010, yomwe imaloza ku magetsi a solenoid yeniyeniyo. Mmisiri anatenga multimeter, chida choyezera magetsi, nkuyeza pa timano tiwiri ta pulagi. Ka Toyota kabwinobwino kamayenera kuonetsa pakati pa 6.9 ndi 7.9 ohms kakakhala kozizira, koma aka nambala imangodumphadumpha ukakagwedeza. Ndinabwerera nako ku shopu kuja ndipo anandiuza kuti zamagetsi sabweza. Zinandiwawa kwambiri, osati ndalama yokha ayi koma tsiku lonse la ntchito lomwe ndinataya, ndipo kasitomala wanga wa kabichi anakatenga lole ina.

Kachiwiri ndinatenga ka kaunjika, kochotsedwa pa injini ya half-cut, galimoto yodulidwa pakati yogulitsa masipeya. Apa ndilibe zambiri, kanali ka orijino, ma ohms anali bwino, koma mkati munali utoto wa bulawuni uja wa oyilo wopsa ndipo kachitsulo koyenda mkati kamakanirira. Tinakatsuka ndi carb cleaner, tinakagunditsa ku batire kakulira tiki tiki, tinakaika. Kanagwira ntchito pafupifupi miyezi iwiri kenako P0012 inabweranso.

Apa mpomwe mmisiri wanga anati achimwene, tisamangosintha chinthu chimodzimodzi, tiyeni tione chomwe chikupha tinthuti. Ndipo gawo ili ndi lomwe ndikufuna muwerenge mofatsa kuposa ena onse. Oyilo asanafike pa solenoid amadutsa pa kasefa kakang'ono kwambiri, kawaya wosalala ngati sefa ya tiyi, kobisika kuseri kwa bawuti yake, ndipo anthu ambiri sadziwa nkomwe kuti kalipo. Titakatulutsa kanali katatsekeka ndi zinthu zakuda zomata ngati phula, kuwala sikumadutsa ngakhale pang'ono. Titachotsa chivundikiro cha pamwamba pa injini tinapeza matope akuda omwewo atamatirira mmakona monse. Ndiye solenoid iliyonse yomwe timaika imagwira ntchito ndi oyilo wochepa komanso wakuda, ngakhale ikanakhala ya orijino yatsopano bwenzi ikuvutika chimodzimodzi.

Matope amenewa amachokera ku oyilo. Galimoto izi zimabwera kuchokera ku Japan zitayenda kale ndipo mbiri ya service yake sitimaidziwa, kenako zikafika kuno timazithira 20W-50 chifukwa ndi amene tinakula naye, amapezeka paliponse, ndipo anthu amati oyilo wolimba ndiye amateteza injini. Ine ndimathira yemweyo, nthawi zina ndikaperewera panjira ndimaonjezera wa mmabotolo wogula mmbali mwa msewu, ndipo nthawi yokolola ntchito ikachuluka service imadutsa. Pa diesel yakale zimenezi zimapirika. Koma injini ya VVT-i imagwiritsa ntchito oyilo ngati dzanja lokankhira giya ija, njira zake ndi zing'onozing'ono, ndipo mmawa wa ku Dedza mu June kapena July 20W-50 amakhala ngati uchi, amatenga nthawi kuti akwere kumutu kwa injini. Ma injini a TR awa amafuna oyilo wopepuka ngati 5W-30, onani mu buku la galimoto yanu kapena funsani ndi nambala ya chassis. Enafe timaopa kuti oyilo wopepuka injini yakale imamudya, nzoona ingathe kudyako pang'ono ngati ma ring atopa, koma kuyang'ana dipstick mmawa uliwonse nkotchipa kusiyana ndi zomwe ndadutsamo ine.

Tinatsuka kasefa kaja, tinatsitsa sump, beseni la oyilo la pansi pa injini, nkutsukanso sefa yaikulu ya pampu ya oyilo, tinathira oyilo watsopano ndi fyuluta yatsopano, nditayenda makilomita 1,000 tinakhetsanso nkuthira wina. Mmisiri anakana zothira mankhwala otsukira injini aja a flush, akuti pa injini yomwe matope achuluka chonchi mankhwalawo amatha kugumula zibuma zikuluzikulu nkukatseka sefa ya pampu, bola kutsuka ndi manja pomwe tikufikira kenako nkumasintha oyilo pafupipafupi. Ndinaona kuti ndi nzeru.

Kenako ndinagula solenoid yachitatu, ndipo iyi ndi yomwe ndikuyamikira. Ndi ya aftermarket ndithu, si ya mu bokosi la Toyota, koma ili ndi dzina la kampani yopanga, nambala yodindidwa pa chitsulo penipeni osati pa kapepala, ndi O-ring yake yatsopano mkati mwa paketi yomata. Ndinaipeza pa shopu ina ku Lilongwe komweko yomwe mwini wake ndi mayi wina wodziwa ntchito yake kwambiri. Chinandisangalatsa nchoti asanatulutse chilichonse anayamba wandifunsa nambala ya chassis, nkuyang'ana pa kompyuta, kenako anati bambo, ya injini yanu ndi iyi, ndipo ndili nazo za mitundu iwiri, yotchipa ndi iyi koma sindikulonjezani kanthu, yodulirapo ndi iyi ndipo ikavuta mkati mwa mwezi mubwere nayo ndi lisiti. Ndinapempha kuti ndiyeze pa kauntala pompo, anavomera osanyinyirika. Multimeter inaonetsa 7.3 ohms osasuntha, titagunditsa mawaya ku batire kachitsulo ka mkati kanayenda mwamphamvu nkubwerera kokha titachotsa. Mtengo unali pafupifupi theka la orijino. Lisiti anandilembera yokhala ndi nambala ya sipeyayo.

Nditaziika pamodzi zonse zitatu patebulo kusiyana kumaoneka ndithu ukayang'anitsitsa. Ka bokosi loyera kaja nkopepuka mmanja, timabowo ta oyilo tili ndi tizitsulo totsalira mmbali ngati sanamalize kusalaza, ndipo pulasitiki ya pulagi imagwedera pomwe yalumikizana ndi chitsulo, pomwe oyilo amatulukira paja. Kachitatuka timabowo take nkosalala ndipo malo ake akufanana ndendende ndi ka orijino ka kaunjika kaja, sipulingi yake ndi yolimba mofanana. Mu shopu sungazione zimenezi ngati ulibe chakale mmanja, ndiye mukamapita kogula tengani chomwe mwachotsacho.

Titaika, mmisiri anapanga test ina yomwe inandipatsa mtima. Injini ili pa idle anachotsa pulagi nkupereka magetsi a batire molunjika ku solenoid kwa kamphindi, pompo injini inagwedera nkutsala pang'ono kuzima. Akuti zikatero ndiye kuti oyilo akufika ndipo giya ikupotoka, koma ikapanda kusintha kalikonse ndiye kuti njira yatsekeka kapena giya yakanirira. Test imeneyi siifuna makina odula ndipo tikanaipanga tsiku loyamba lija tikanadziwa msanga kuti vuto si solenoid yokha.

Mphamvu zinabwerera, idle inakhazikika, cheki injini inazima. Mayeso enieni anali tsiku lomwe ndinatsikira ku Golomoti kukatenga matumba a chimanga nkukwera nawo pa Khwekhwerere. Amene mumaudziwa msewu umenewu mukudziwa mmene makona ake amapotokera uku ukukwera, galimoto yofooka imaonekera pomwepo. Inakwera bwinobwino, temperature osasuntha, osatsamwa potuluka mmakona. Petulo ya ulendo wa Dedza Lilongwe ndi kubwerera inatsikanso kufika pomwe inali kale.

Koma kalakala wa mmawa uja sanathe. Anachepa ndi oyilo watsopano koma amamvekabe, makamaka galimoto ikagona masiku awiri osaliza. Apa ndiye panalibenso kuchitira mwina, kapini ka mu giya kanali katatha, ndipo solenoid ngakhale yabwino bwanji singakonze zimenezo. Ogulitsa ena amakuuzani kuti phokosolo litha mukangosintha solenoid, si zoona nthawi zonse, ndiye musakwiye ndi sipeya yabwino chifukwa cha ntchito yomwe si yake.

Pa giya ndinaganiza nthawi yaitali. Za aftermarket zopanda dzina zilipo ndipo mtengo wake umakopa, koma kusintha giya si ntchito ya bawuti imodzi ngati solenoid. Pamafunika kuchotsa chivundikiro cha pamwamba, kumasula tensioner yokunga tcheni, kusamala tcheni kuti chisadumphe dzino, nkubwezeretsa zonse pa ma timing mark ake. Solenoid ya feki ikafa mumataya mphindi 20 ndi ndalama yake, koma giya ya feki ikagwedera kapena kumasuka muli pa liwiro timing imasokonekera ndipo mutha kuononga injini yonse. Mayi wa shopu uja nayenso ananena mosabisa kuti giya yotchipa yomwe anali nayo sangandilangize pa galimoto yonyamula katundu tsiku ndi tsiku. Nde ndinadikira mwezi ndi theka kusonkhanitsa ndalama, anandiitanitsira yabwino kuchokera ku Johannesburg, inabwera. Ndinasinthiratu tensioner ndi gasket ya pamwamba poti tinali titatsegula kale. Tcheni mmisiri anachiyeza nkunena kuti chikadali bwino, tinachisiya.

Chinthu chimodzi chomwe ndinaphunzira poika giyayi, ndipo amisiri achinyamata mumve. Giya ya VVT-i simangoimanga ndi mphamvu ili yokhoma ayi. Kapini kaja kamayenera kukhala kotsekuka pomanga bawuti yapakati, camshaft mwaigwira ndi sipana pamalo ake, mukamaliza kumanga ndi torque wrench mpomwe mumaipotoza kuti ikhome yokha. Mukamanga ili yokhoma mphamvu yonse imathera pa kapiniko ndipo mutha kukapinda giya isanagwire ntchito ngakhale tsiku limodzi. Ikakhala kuti yakhoma kale amaitsekula ndi mpweya wa kompresa kudzera mmabowo a oyilo a pa camshaft. Mmisiri wanga anatenga nthawi yake pamenepa, ndipo ndikukhulupirira kuti ma giya ena amene anthu amati ndi feki amafera mmanja mwa oika.

Za manambala, kuti musapusitsidwe pa kauntala, ma solenoid a Toyota awa nambala yawo imayamba ndi 15330, giya imayamba ndi 13050, koma manambala omalizira amasiyana malingana ndi injini ndi chaka, ndipo ma 2TR-FE atsopano oyambira cha mma 2015 ali ndi Dual VVT-i, kutanthauza ma solenoid awiri, ya intake ndi ya exhaust, zomwe sizilowana. Masipeya ambiri a Toyota amapangidwa ndi makampani ngati Denso ndi Aisin, ndiye mukapeza zenizeni za makampani amenewa mwapeza chinthu chabwino, kungoti akuba amakopera mpaka mabokosi, nde bokosi lokha lisakukhutitseni, yezani. Ndipo code ikakhala P0016 musathamangire solenoid, imeneyo imanena kuti crankshaft ndi camshaft sizikugwirizana, nthawi zambiri ndi tcheni chotanuka, chodumpha dzino kapena sensa.

Chomwe sindinakonde pa solenoid yachitatuyi nchimodzi chokha, O-ring yake inali yonenepako pang'ono moti polowetsa inavuta, tinachita kupaka oyilo nkukankha mozungulitsa pang'onopang'ono kuti isadulike. Komanso kuno kwathu simungaipeze, mashopu a pa boma ndi a ku Ntcheu omwe ndinafunsa anali ndi za bokosi loyera zokhazokha kapena analibiretu, ndiye umayenera kupita ku Lilongwe kapena ku Blantyre, zomwe kwa munthu amene galimoto yamufera pa Lizulu ndi katundu wowola msanga ngati tomato si nkhani yaing'ono. Ka kaunjika kaja ndinakatsukanso nkukakulunga mu nsalu, kali mu dashboard pamodzi ndi sipana ya 10, kuti zikavuta panjira ndikhale ndi chondifikitsa.

Pano papita miyezi inayi chiikireni solenoid ndi miyezi iwiri ndi theka chiikireni giya. Pulagi ndi youma, cheki injini sinayakenso, ndipo mmawa ndikaliza imangoyamba mwakachetechete ngakhale itagona weekend yonse. Oyilo ndikuthira 5W-30 wa mu chigubu chomata, ndikusintha pa makilomita 5,000 aliwonse chifukwa cha fumbi la misewu ya kuminda, ndipo tagwirizana ndi mmisiri kuti pa service yachitatu titulutsenso kasefa kaja tione ngati matope akubwerabe. June akubwerayu kukazizira ndi pomwe ndidzamvetsere bwino phokoso la mmawa lija.